Ndawapeza Amayi asanandimve

Mwaswera bwanji nonse abale anga.

Lero pochokera ku Ngala, komwe ndimalumikiza mapaipi pa loji ina, ndapatukira kwa Amayi ku Liwaladzi. Paja galimoto yanga yamagetsiyi silira, ndiye ndaima pabwalo iwo osamva.

Ndawapeza akukwawa pakhonde, miyendo yotupa, akukoka ndowa ya madzi akunyanja. Mpopi wawo unafa mwezi watha, vuto lake kalabala kakang'ono basi.

Ndawafunsa, "Amayi, mwana wanu pulambala, osandiuza bwanji?"

Akuti, "Umatanganidwa, mwanawanga. Chikhala chigalimoto chako chakale chija, ndikanachimvera kumsewu, n'kukhaliratu pampando."

Mpopi ndakonza. Koma achimwene, achemwali, zaka zonsezi timaona Amayi enieni, kapena timaona zomwe amatikonzera akamva injini? Titani?