Mwana Amene Sankadya Ndisanalawe

Mlongo wanga si wa bere limodzi ndi ine. Amayi ake ndi amayi anga anali oyandikana nyumba kwa Kalembo, ndipo pa njala ya 1949 adanyamukira limodzi kupita ku Balaka, aliyense ndi mwana mmodzi amene adamutsalira. Kudamveka kuti sitima ikutsitsa chimanga pasiteshoni. Amuna awo anali atapita kale kukasuma ndipo sadabwerere. Ine ndinali nditayamba kugwira khasu. Iye mano ake aubwana anali asanayambe kuguluka.

Panjira amayiwo adagwira ganyu, ndipo adawalipira chinangwa. Chinali chowawa. Aliyense kwathu amadziwa kakonzedwe kake: umachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kenako n'kuchiyanika. Iwonso ankadziwa. Koma mitsinje inali mchenga wokhawokha, ndipo mphamvu zodikirira masiku angapowo tinalibe. Adachiotcha patsinde pa mlambe.

Atachiphula, amayi anga adati, "Inu ana dikirani. Tiyambe ife, tione."

Tidakhala n'kumawayang'ana akutafuna. Ndinali wokwiya, poganiza kuti amaliza chonse. Dzuwa lisanapendeke adayamba kumva chizungulire, kenako kusanza. Adayamba kumwalira ndi amayi a mtsikanayo. Amayi anga adalimbako pang'ono, mpaka adakwanitsa kundiuza kuti ndimugwire dzanja mwanayo ndipo ndisasiye msewu.

Ku Balaka adatitola bambo wina wa ku Utale, Mkatolika, amene adabwera kudzafuna chimanga. Adabwerera ndi thumba losadzaza, komanso ife awiri. Iye ndi mkazi wake anali ataika ana awo onse m'manda chaka chomwecho. Kuyambira pano ndiziwatchula abambo ndi amayi, chifukwa ndi mmene tidawatchulira mpaka imfa yawo.

Njala idatisiya mosiyana. Ine ndinkadya chilichonse, mofulumira, ngakhale madeya osaphika. Mtsikanayo sankakhudza kanthu ine ndisanadye. Ankayang'ana pakhosi panga ndikumeza, n'kudikira, maso ali pa ine, mpaka chakudya chizizire. Akaona kuti ndidakali bwino, ankatambasula dzanja n'kutenga mbali yomwe ndanyemapo ine. Amayi adaona zimenezi, sadafunse, adangoyamba kutipakulira m'mbale imodzi.

Vuto lidabwera chakudya chitayamba kupezeka. Pa nthawi ya njala banja lililonse linkadyera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Mvula itagwa, maungu ndi zitheba zitayamba, mudzi udabwerera ku kadyedwe kake. Amuna ndi anyamata ankadyera limodzi pansi pa mtengo wa mango, mbale za nyumba zonse zili pakati. Akazi ndi tiana ankadyera kuseri kwa nyumba. Ine, kwa msinkhu wanga, malo anga anali kumtengo, koma ndinkadyabe ndi mtsikanayo.

Abambo anali mkamwini pamudzipo. Munda unali wa akazi awo, ndipo amuna amene ankadya nawo anali alongo a amayi. Wamkulu wa iwo anali ndi pakamwa.

"Alamu," adatero tsiku lina ine ndikudutsa ndi madzi, "paja mudatitolera atsikana awiri? Wa kabudulayu mudzamugulira liti chilundu?"

Onse adaseka. Abambo adasekanso, koma mawa lake adanditenga kupita nane kumtengo.

Tsiku limenelo mtsikanayo sadadye. Lotsatira lakenso sadadye. Amayi adayesa zomwe mayi aliyense angayese. Adanyema nthongo, n'kuiika m'kamwa mwawo, nati, "Taona mwanangu, ndadya ine." Mwanayo adawalumphira, n'kuyamba kuwakanda pamilomo kuti alavule. Adalira mpaka mawu adatha. Amayi sankadziwa chifukwa chake. Ine ndinkadziwa: iye adaonapo amayi awiri akuyamba kudya, ndipo onse adafa. Munthu yekhayo amene adamuona akudya n'kudzukanso ndinali ine.

Ndidayesa kuwauza abambo kuti andilole ndizidya naye. Za mlambe sindidatchule, pakamwa pankakana.

"Njala ikamuwawa adya," adatero.

Apa ndi pomwe adalakwitsa, ndipo mudzi wonse udalakwitsa nawo. Mawu amenewo ndi oona kwa mwana wakhuta amene wanyanyala ndiwo. Uyu njala ankaidziwa kale, adayenda nayo kuchokera kwa Kalembo, ndipo sinkamuopsa. Chinkamuopsa ndi chakudya.

Ndidayamba kubisa nthongo m'thumba la kabudula. Ndinkamuitanira kuseri kwa nkhokwe, kuluma pamaso pake, kudikira, n'kumupatsa. Izi zidamusunga masiku angapo. Kenako mwana wa malume wamkuluyo adaulula kuti wotola akuba m'mbale ya amuna. Pambuyo pa njala, kuba chakudya unali mlandu woposa yonse. Adandikwapula pamaso pa anthu, ndipo kuyambira pamenepo ankandisanthula ndisananyamuke.

Mapazi ake adatupa, kenako nkhope. Tsitsi lidafiira. Amayi achikulire a pamudzipo adati ndi tsempho, matenda amene amati amagwira mwana bambo wa m'nyumbamo akayenda ndi mkazi wina. Adayamba kuwayang'ana abambo cham'mbali. Adakumba mizu, n'kuiviika m'chikho. Mwana wokana phala adakananso mizuyo. Adamutsina mphuno kuti atsegule pakamwa, iye adalavula zonse.

Ndinkamuona m'mawa uliwonse ndikupita kumunda. Poyamba ankakhala pakhonde n'kunditsatira ndi maso. Kenako ndinkamupeza chigonere pomwepo, ntchentche zili m'mbali mwa maso, osaziingitsa. Kagonedwe kameneko ndinali nditakaona kwambiri pasiteshoni ya Balaka, ndipo ndinkadziwa mapeto ake.

Tsiku lina masana, tikudya, amayi adabwera n'kugwada patali ndi mtengo. Mkazi sankafika pamenepo amuna akudya, choncho onse adasiya kutafuna.

"Abambo, mwana uja sakudzuka."

Abambo adayang'ana pansi. Malume wamkuluyo adapukusa mutu.

"Mudayesetsa, alamu. Ana otola ndi choncho, sudziwa zomwe adabwera nazo."

Ndidanyamula mbale ya kwathu, ya maungu ndi nyemba, n'kuimirira.

"Iwe, khala pansi," adatero abambo.

Sindidakhale.

"Ukapita kumeneko, kuno usadzabwerenso. Wamva?"

"Ndamva, abambo."

"Muperekezeni ndi nthungululu mkazi mnzanuyo," malumewo adauza amayi. Ena adaseka, ena ayi.

Ndidampeza pamkeka, kuseri kwa nyumba. Ndidamudzutsa n'kumutsamiritsa kukhoma. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi, kupatula miyendo. Maso ake ankangotsekeka, ndiye ndidamugwedeza paphewa.

"Iwe, tandiyang'ana. Ndikudya."

Ndidadya pang'onopang'ono, kuti aone nthongo iliyonse ikutsika. Kenako ndidaika mbale pakati pathu n'kupinda manja. Amayi adafuna kumusendezera, ndidawagwira dzanja. Akazi onse a pamudzipo anali ataima mozungulira. Mthunzi wa denga udasuntha kuchoka pamapazi anga mpaka m'mawondo. Ndinkaopa kuti afa akudikira.

"Achimwene," adatero, mawu ali pansi. Anali asananditchulepo choncho. "M'mimba mukupweteka?"

"Iyayi."

"Mutu ukuzungulira?"

"Iyayi."

"Taimirirani."

Ndidaimirira, n'kuyenda mpaka pankhokwe, n'kubwerera. Adandiyang'anabe kanthawi. Kenako dzanja lake lidalowa m'mbale. Nthongo yoyamba adaisanza. Ndidadyanso, iye adadikiranso, ndipo yachiwiri idakhala.

Nditacheuka ndidaona abambo ataima pangodya ya nyumba, manja asanasambe. Adandifunsa kuti zimenezi n'chiyani. Ndidawauza zonse, za chinangwa, za mlambe, ndi mawu a amayi anga akuti tiyambe ife. Amayi adakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi nsalu. Abambo adamvetsera mpaka pamapeto. Sadapepese, ndipo sadandiitanenso kumtengo.

"Muziwapakulira m'mbale imodzi," adauza amayi, n'kubwerera kwa alamu awo.

Ndidadya ndi akazi kuyambira tsikulo mpaka pamene ndidachoka kupita kusukulu yogonera komweko, ndevu zitayamba kale. Anyamata anzanga ankandiitana kuti achemwali, ndipo ankandifunsa ngati ndaphunzira kusinja. Ndidaphunziradi, popeza ndinkakhala pafupi ndi mtondo. Kokasaka mbewa ndi kokasambira ku Rivirivi sankanditenga.

Mlongo wanga adayamba kuyenda yekha chimanga chisanaume. Kutupa kudaphwa, khungu la m'miyendo lidasupuka n'kumera lina. Pokolola chaka chimenecho anali m'munda nafe, akutola zitsononkho pambuyo pa amayi.