Chithunzi cha Amidu chinatuluka chifunga chokhachokha

Ndinawononga chithunzi chimene mayi wina ankachifuna kuposa chakudya, ndipo chinawonongeka chifukwa cha kachitsulo kamene ndinasankha ndekha. Inu owerenga, makamaka amene mumagwira kamera, ndimvereni.

Zinali zaka zija nkhondo ya ku Mozambique itavuta, anthu akuwoloka malire ndi mitolo pamutu. Ine ndinkajambula zithunzi pa boma la Mangochi, za maukwati, za ziphaso ndi za ana asukulu. Ndinali nditagula lenzi yaitali kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Inali yakalekale, yachitsulo, yoikoka ndi dzanja kuti chinthu chakutali chibwere pafupi. Koma inalibe hudi, kachipewa kaja komangirira kutsogolo kuti dzuwa lisalowe m'galasi.

M'sitolo ina ya zida zakale ku Limbe ndinapeza mahudi awiri olowa bwino pakamwa pa lenziyo. Ina inali yakuya ngati kapu, yopangidwira malenzi aatali. Ina inali yaifupi ndi yotambalala, ya malenzi ang'onoang'ono. Kusiyana kwake ndinkakudziwa. Koma yakuyayo sinkakwana m'chikwama chimene ndinkayenda nacho panjinga, choncho ndinatenga yaifupi. Mumtima ndinangoti hudi ndi hudi.

Pafupi ndi pamene ndinkajambulira pankakhala mayi wogulitsa zitumbuwa, Abiti Saidi. Anali othawa nkhondo. Tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa anasiyana ndi mwana wawo Amidu, mnyamata amene anali atangoyamba kumera ndevu, ndipo sanamuonenso. Maso awo anali ndi ng'ala. Ndalama ankaiyandikitsa pamphuno kuti aizindikire.

M'mawa wina anafika kwa ine akupuma movutikira. Mayi wa kumudzi kwawo, wogulitsa nsomba, anali atawauza kuti padoko pagona bwato la injini la asodzi ochokera kunyanja, akupita ku Malombe, ndipo mmodzi mwa anyamata a m'bwatomo akufanana ndi Amidu.

"Bambo, tengani makina anu aatali aja," anatero. "Maso angawa sathandiza. Mukhale maso anga."

Ndinawakweza panjinga. Pofika ku mtsinje wa Shire, bwato linali litanyamuka kale, lili pakati pamadzi. Abiti Saidi anaitana dzina la mwana wawo mpaka mawu anasasa, koma injini inkameza zonse. Ine ndinakoka lenzi mpaka kumapeto. Dzuwa linali litangokwera kutsidya, likuwala molunjika kumene tinaima, madzi nawo akubweza kuwalako. M'kamera ndinkaona kuyera, koma ndinati pakutsuka zikaoneka. Dzanja lamanzere linali litachirikiza lenzi yolemerayo, sindikanatha kutchinga nalo dzuwa. Ndinajambula mpaka filimu inatha.

"Mwamugwira?" anafunsa.

"Ndamugwira, amayi. Mumuona ngati wakhala pamphasa panu."

Masiku amenewo filimu tinkatumiza ku Blantyre kukatsukitsa. Nthawi yonse yodikira, Abiti Saidi ankandibweretsera zitumbuwa m'mawa uliwonse, osafuna ndalama. Anauza anzawo kumzikiti kuti mwana wawo wapezeka. Anagula nsalu yoti adzamusokere malaya.

Zithunzi zitafika ndinatsegula envulopu ndili ndekha. Zonse zinali zoyera ngati chifunga. Bwato linkaoneka pang'ono, ndi mizukwa ya anthu itakhala m'menemo, yopanda nkhope. Ndinaziyang'ana, ndinazibwezera mu envulopu, kenako ndinajambula kasitomala amene ankadikira cha chiphaso. Sindinamve kanthu mumtima. Ndinadya, ndinaseka ndi anzanga monga mwa masiku onse.

Madzulo ake ndinawapatsa Abiti Saidi chithunzi chimene chinali chooneka pang'ono. Anachiyandikitsa pamphuno, nachitembenuza uku ndi uku.

"Ndi maso angawa kapena?"

"Ayi amayi. Ndi chithunzicho."

"Nanga inu, amene mukuona bwino, uyu wakumapetoyu si Amidu?"

Amidu sindinamuonepo chibadwire. Ndinati sindikudziwa. Sanandikalipire, sanalire. Anakulunga chithunzicho pansonga ya chitenje n'kubwerera pa dengu lawo.

Pambuyo pake ndinapalasa njinga kukafunsa m'madoko a ku Malombe. Anandiuza kuti asodzi aganyu sakhalitsa pamalo amodzi, ndipo a m'bwato limenelo anabalalika kalekale. Wina anati analipo mnyamata wolankhula Chiyao cha kutsidya kwa malire. Wina anati analibe.

Nkhondo itatha, magalimoto anabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo. Abale a Abiti Saidi anakwera. Koma mayiwo anakana, ati mwana ali kuno, akapita adzamusowa kachiwiri. Anatsala okha m'kanyumba ka lendi, maso n'kutsekeratu. Anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo anawaika anthu a kumzikiti. Ndinapita kumaliro, ndinaima kumbuyo. Mpaka lero sindidziwa ngati anatsalira mwana wawo kapena mwana wa munthu wina.

Hudi yakuya ija ndinakaigula pambuyo pake. Ndinakaima pamalo omwewo m'mawa, ndinajambula bwato lina, nkhope za asodzi zinatuluka zozindikirika.

Inu owerenga, lenzi yaitali imafuna hudi yakuya. Kulowa bwino pakamwa sikutanthauza kuti ndi yake. Ngati lenzi yanu ndi yokoka, iyeseni mutaibweza kufupi kuti muone ngati hudi sikudetsa m'makona, muyiyesenso mutaikoka kutali moyang'anizana ndi dzuwa. Chitani zimenezi pa mbuzi kapena pa mtengo, munthu asanabwere ndi vuto lake. Chikwama chikachepa, sinthani chikwama. Ndipo musamauze munthu kuti mwamugwira musanaone chithunzi ndi maso anu, chifukwa ena amamanga moyo wawo wonse pa mawu amenewo.