Mbatatesi Yomwe Inakana Kuwola

Ndikukumbukira chaka chomwe ine ndi amayi tinafika ku Braunstone, kutsidya la nyanja, iwo atapeza ntchito ya unamwino. Manja anga anali odzaza njerewere. Kusukulu ndinkawabisa m'juzi, koma Ukaristia wanga woyamba unkayandikira, ndipo pamenepo munthu amatambasula manja mpingo wonse ukuona. Mumtima ndinatsimikiza kuti tsikulo ndidzanamizira kudwala.

Khomo loyandikana nafe linali la Mayi Brennan, gogo wochokera ku Ireland amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. M'khitchini mwawo munkamveka fungo la tiyi wowawa ndi la zovala zoyanika pa hita. Ataona manja anga sanafunse zambiri. Anadula mbatatesi pakati, n'kupaka madzi ake ozizira pa njerewere iliyonse uku akunong'ona pemphero. Kenako anandiuza kuti ndikaikwirire kuseri kwa nyumba, monga amachitira kwawo.

Tsono ine mwana wa ku Dedza, chomwe ndinkadziwa n'choti mbatatesi ikalowa m'dothi imafuna chisamaliro. Ndinaiunjikira kamzere monga ankachitira bambo kudimba, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaithirira ndi ketulo ya amayi, zala zitauma ndi chisanu. Masamba atatuluka ndinathamanga kukawaitana gogowo monyadira.

Anabwera m'masilipasi, n'kuseka mpaka kugwirira mpanda.

"Mwanawe, imayenera kuwola! Ikamawola njerewere nazo zimafota. Iwe wailima!"

"Gogo, mwampatsa mlimi mbewu, mumati atani nayo?" anatero amayi ali pazenera.

Ine sindinaseke. Ndinkaganiza kuti njerewere nazonso ziphuka masamba, ndipo ndinanena poyera kuti kutchalitchi sindipita. Mayi Brennan anagwira manja anga onse awiri, osanyansidwa, kenako anandionetsa awo, opindika ndi nyamakazi.

"Awa ndimawatambasula Lamlungu lililonse. Palibe amene anandibwezapo."

Tsikulo ndinapita. Ndinatambasula manja, njerewere zonse zili poyera, ndipo ndinalandira Ukaristia. Zinadzatha zokha patapita miyezi, mbatatesi titakolola kale n'kudyera limodzi ndi batala wambiri.

Lero, chimwalirireni mkazi wanga, ndine amene ndimayendera timatenda ta mwana wathu. Iyenso njerewere zinamutuluka chaka chatha, ndipo tinakagula mankhwala ku famase ya ku Oadby. Anagwira ntchito msanga, sindingadandaule. Kungoti mtsikana wogulitsayo anayang'ana dzanjalo ali kuseri kwa kauntala, mwaulemu ndithu, koma sanalikhudze.