A Sidik Akana Mkazi Wawo

Mlamu wanga, a Sidik, ankatembenuza njanji pa Nkaya kuyambira chaka chomwe sitima inayamba kupita ku Nayuchi. Anali munthu wofatsa, woopa Mulungu mpaka kutitopetsa nako. Mkazi wa eni sankamupatsa dzanja.

Mu 1983 anagwa ali m'munda wa thonje, ndipo anatsitsimuka m'chipatala ataiwala pafupifupi zonse za ukulu wawo. Koma thupi silinaiwale. Mapemphero onse asanu a Chisilamu ankaswali osaphonya, njinga ankakonza, ndipo sitima ikalira dzanja linkakoka chitsulo chotembenuzira njanji chomwe panalibe. Chemwali anga a Lukiya, amene anawaberekera ana asanu ndi mmodzi, a Sidik ankawayang'ana ngati mayi wodutsa ndi dengu la tomato.

Anthu ophunzira anakangana pakhonde pathu mpaka tiyi kuzizira. A Elliam, othandiza dokotala, ankati maganizo ndi ntchito ya ubongo basi, ngati mawaya a wailesi, umodzi ukaduka nyimbo yatha. A shehe anakana, nati kukumbukira kumakhala mu mzimu, ubongo ndi chitseko chabe, ndipo chitseko chimatseguka. Ine ndinafunsa kuti nanga manjawa akukumbukira ndi chiyani. Anandiyankha onse nthawi imodzi, ndipo sindinatolepo kanthu. A Lukiya ankangofuna kudziwa ngati amuna awo adzawazindikirenso. Funso limenelo palibe analigwira.

Tinayesa mapiritsi a ku Zomba, zithumwa za matalasimu, ngakhale kuwabweretsera ana mmodzimmodzi. A Sidik anawalonjera anawo mwaulemu, n'kuwafunsa kumene achokera. Mtima unandipsa, koma ndikanakalipira yani?

Chomwe chinatipweteka n'chakuti khalidwe lawo linatsala lonse. A Lukiya akalowa m'nyumba, iwo ankatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, kuopa kupezeka awiriwiri ndi mayi wachilendo.

Tsiku lina masana chemwali anawatsatira komweko ndi madzi akumwa, nagwada, nawagwira dzanja. A Sidik analichotsa pang'onopang'ono.

"Iyayi mayi, pepani. Ndinu munthu wabwino, koma ine ndili pabanja. Lukiya wanga akadali mwana, akamva zimenezi alira."

A Lukiya anadzuka n'kubwerera m'nyumba. Anawaphikira zaka zina zisanu ndi zinayi, koma mbale ankazisiya pakhomo n'kuchokapo, kuti amuna awo adye ndi mtima umodzi.