Amalume ndi Ng'ombe Yodziwa Kuimba

Amalume Fulgêncio, lero patha zaka ziwiri chitisiyireni, koma m'malo molira ndangokhalira kuseka ndekha kuno ku Tsangano. Mukukumbukira Lachinayi lija ku Ntengo-Wambalame? Loweruka lake munkayenera kuimba nokha pa ukwati wa mwana wanu Rosita, pamene anzanu a kwaya ankanong'onezana kuti mawu anu ayamba kutsika. Ndinakutsegulirani pa telefoni tsamba la pa intaneti limene limamvetsera munthu akamaimba. Mawu akalunjika limayaka mobiriwira, akaphonya limafiira. Tinakwera pachulu cha kukhola, poti rede ya telefoni imagwira pokhapo. Munaimba katatu, katatu konse psuu. "Kanthu aka n'kogontha, mphwanga," munatero. "Zaka trinta, makumi atatu athunthu, ndikuimbitsa kwaya, kangandiuze chiyani?" Nthawi yomweyo ng'ombe yanu yaikazi inalira, telefoni n'kubiriwira. Ine ndinafa nalo phwete mpaka kukhala pansi. Inu munaiyang'ana ng'ombeyo nthawi yaitali, kenako munaivulira chipewa n'kunena kuti, "Pepani, amaestro."

Komatu simunatsike pachulupo. Munabwereza mzere umodzi womwewo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo bateria itatsala pang'ono kutha, nanunso kanakubiriwirirani. Loweruka munaimba mokoma moti Rosita analira osasamala za ufa wa kumaso. Potuluka m'tchalitchi munandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Usadzauze munthu kuti inandiposa ng'ombe, wamva?" Ndinasunga pakamwa masiku onse muli moyo, amalume. Koma lero ndakusowani kwambiri, ndiye mundikhululukire komwe muliko, ndaulula.