Theka la Pepala ndi Mpiru wa Amayi

Ndikukumbukira masana ena a mwezi wa Sepitembala pamene mudzi wonse unandiona ndikukwera chitunda kuchokera kudimba, maso ali chitsekere, manja ali kutsogolo, ndikukuwa kuti ndafa ine. Ndinali nditavundula madzi a tsabola wa kambuzi ndi dzanja, kenaka n'kupukuta thukuta la kumaso ndi dzanja lomwelo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kufikira m'mawa wa tsikulo ndinkadziyesa munthu wophunzira kwambiri kumtunda konse kwa Malomo.

Zaka zimenezo bambo anali ku Joni, kumigodi, ndipo makalata awo ankabwera mwa apo ndi apo. Chimene chinkatisunga chinali dimba la amayi kumunsi kudambo, mabedi atatu a mpiru. Awiri anali othyola, odya ndi kugulitsa. Lachitatu sitinkalikhudza n'komwe, linali losiyira mbewu. Unali mpiru wakalekale, wamasamba otambalala, wowawira pang'ono kukhosi, wosapezeka m'sitolo. Njere zake amayi ankazisunga m'kansupa kopachika kudenga, ndipo chaka chimenecho kansupako kanali kopanda kanthu, zonse atafesa. Bedi limenelo likanafa lisanabereke, mpiru uja ukanathera pomwepo.

Ine sukulu ndinali nditalekera Sitandade 4, yunifolomu itandithera pathupi. Koma kuwerenga sindinaleke. Ndinkawerenga mapaketi a tiyi, buku la nyimbo la amayi, zolemba za pamatumba, chilichonse chokhala ndi zilembo. Anthu anandipatsa dzina loti a Tichala. Ankanena monyoza, koma ine ndinkavomera ndi mtima wonse.

Kutayamba kutentha, nsabwe za m'masamba zinagwa m'dimbamo. Ukatembenuza tsamba unkapeza kunsi kwake kuli mbuu, ngati wina wawazapo gaga. Masamba anayamba kupindika, ndipo tizilomboto tinali titakwera kale pamaluwa achikasu a bedi la mbewu. Amayi anati tidikire a Mwale, bambo wachikulire amene dimba lawo linagundana ndi lathu. Iwowo ankalima fodya wa chikopa ndipo ankadziwa kusakaniza mankhwala ake, koma anali atapita kumaliro kwa Msakambewa.

Kudikira munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake kunandiwawa. Komanso ndinali ndi chuma changa chobisa: chidutswa cha nyuzipepala ya alimi chimene anatikulungiramo mchere kusitolo. Chinkanena kuti tsabola, fodya, sopo ndi phulusa zimathamangitsa nsabwe za m'masamba. Pamene pankayambira mawu ofotokoza muyezo wake ndi pamene wogulitsa mchere uja anang'ambira. Ine sindinaone vuto. Ndinati m'mutu mwangamu, ngati pang'ono zimathamangitsa, ndiye zambiri zipheratu ndi agogo awo omwe.

Tsikulo amayi analawirira kumsika ku Malomo, dengu pamutu, khadi la chipani atalimangirira pansonga ya chitenje poopa anyamata ofunsa makhadi pachipata cha msika. Atangozimiririka, ndinatenga mtondo wawo wosinjira nsinjiro n'kusinjamo tsabola wodzaza chipewa. Ndinakokola zinyenyeswa za fodya m'chigafa cha a Mwale, ndinapala phulusa lonse la pamafuwa, ndipo sopo amene amayi ankamusunga ngati mankhwala ndinamudula theka lathunthu. Zonsezi ndinazithira m'ndowa ya madzi osafika n'pakati pomwe. Zinatuluka zakuda bii, zolemera ngati phala, fungo lake loyetsemulitsa ndi galu yemwe.

Ndinayamba kuwaza ndi tsache dzuwa lili paliwombo. Bedi loyamba ndinalinyowetsa mpaka kudontha. Lachiwiri chimodzimodzi, uku ndikuimba. Bedi la mbewu ndinalisungira nsenga za pansi, zamphamvu zenizeni, chifukwa ndilo linali lofunika kuposa onse. Ndinapisa dzanja m'ndowamo kuti ndivundule bwino. Thukuta linatsikira m'maso. Zotsatira zake ndanena kale.

Mijigo kunalibe masiku amenewo, azimayi a pachitsime ndiwo anandigwira n'kundiviika nkhope m'beseni, akuseka mpaka kugwira nthiti. Pofika madzulo maso anali atatseguka pang'ono, ofiira ngati a munthu wa kachasu, ndipo ndinatsata amayi kudimba. Mabedi awiri aja anali atagona. Masamba anali atapsa, ofota, a mawangamawanga ngati awambidwa pamoto. Nsabwe zinafadi, zimenezo ndisaname, koma zinapita ndi mpiru womwe.

Ndinayembekeza ndodo. Amayi anangonjuta pamzere, n'kunyamula tsamba limodzi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira ku bedi la mbewu, limene linali chilili ndi nsabwe zake, anayang'ana ndowa yanga ili pambali pake, n'kupumira m'mwamba. Anangondifunsa ngati maso akuwawabe. Kunena zoona, ndodo ikanandipepukira.

A Mwale anabwera mawa lake. Sanandikalipire za fodya wawo. Anandiuza ndikatunge madzi, ndipo ndinaona ndi maso anga otupawo mmene ntchitoyo imagwiridwira. Kadzanja kamodzi ka zinyenyeswa za fodya, tsabola wowerengeka, kasopo kochepa ngati chikhadabo, madzi ndowa yodzaza. Anaziviika tsiku lathunthu, anasefa ndi kansalu, n'kuonjezeranso madzi mpaka zinaoneka ngati tiyi wa kunyumba ya munthu woumira. Anayamba awaza mbewu ziwiri zokha n'kudikira kuti aone ngati zipse. Kenaka anawaza bedi lonse dzuwa litapendeka, akutembenuza tsamba lililonse kuti madzi afike kunsi kumene nsabwe zimabisala. Phulusa anati ndi la m'mawa, lowaza pamame, osati lophika phala. Anachenjezanso amayi kuti masamba owazidwa fodya sathyoledwa msanga.

Tinabwereza katatu. Maluwa aja anayoyoka bwinobwino, timakoko tinatuluka, tinakhwima. Mwezi umenewo amayi sanapitenso kumsika, ndipo tinadya mfutso wa chaka chatha mpaka kutopa nawo. Tikati titendere, mtondo uja unkatikumbutsa mlandu wanga, chifukwa nsinjiro zake zinkawawa tsabola kufikira mvula yoyamba.

Lero ku Malomo mashopu adzaza mabotolo a mankhwala okhala ndi chithunzi cha chigaza, ndipo achinyamata amapopera ndi mapampu apamsana, mawa lake n'kuthyola. Mdzukulu wanga wina anandionetsa pafoni njira yomwe ija ya tsabola ndi sopo, akuti ndi ulimi watsopano. Ndinamufunsa ngati wawerenga mpaka kumapeto. Ine ndimalimabe mpiru wa amayi kuseri kwa nyumba, ndipo ndimayamba ndawaza mbewu ziwiri.

Tsiku limene tinkapuntha njere pamphasa, a Mwale anadutsa ndi khasu paphewa. Anaima, anatapa njere pang'ono n'kuzipeta m'dzanja, kenaka anandipempha kuti ndiwaonetse pepala lotchuka lija. Analigwira chadodolido, n'kuyendetsa chala m'mphepete mong'ambikamo.

"Pepalali silinaname, a Tichala," anatero akundibwezera. "Koma mukapitanso ku Malomo mukagule mchere wina. Mwina akakukulungirani m'theka linalo."