Sanandifunse Kachiwiri

Mwana wathu wamkazi atayamba sukulu ku Smethwick, ku England, anatha miyezi osatsegula pakamwa m'kalasi. Kunyumba ankalongolola mpaka kutipweteketsa mutu, koma akangodutsa pageti la sukulu mawu ankamuthera. Anali wa zaka zisanu ndi ziwiri, atangochoka kumene ku Dedza, ndipo Chingerezi chake chinali cha nyimbo za sitandade wani basi. Tinabwera kutsatira bambo ake, amene ankaphunzira pa yunivesite ku Birmingham. Ine, amene kwathu ndinali mphunzitsi, ndinkakwera basi kupita ku Dudley kukasambitsa nkhalamba. Chinali chaka chomwe kwathu anthu anaima pamizere kusankha pakati pa zipani zambiri, ife tikungomvera pa wailesi.

Chimene chinamutsegula pakamwa mwanayu ndi kachipinda kena kuseri kwa holo ya sukulu. Mmenemo mphunzitsi wina wamkazi, wa imvi, ankasonkhanitsa ana obwera kumene m'dzikomo, a ku Pakistan, a ku Bangladesh ndi wathuyu, n'kumawaphunzitsa Chingerezi mosathamanga. Panalibe woseka mnzake, poti onse ankaphotchola mofanana. Mwana wanga anayamba kubwera kunyumba ndi mawu atsopano, n'kumandikonza ine ndemwe.

Kenako tinamva kuti komiti ya sukulu, imene kumeneko amati magavanala, ikuganiza zotseka kachipindako chaka chikatha. Ena m'komitimo ankafuna, ena ankakana, ndipo mpando umodzi wa makolo unalibe munthu. Wokhala pampandowo ndiye akanapendeketsa nkhaniyo.

Mpandowo ndinaufuna, ndinene mosabisa. Ndinkaloweza zokanena kumisonkhano ndili m'basi, ndikuyang'ana machumuni a mafakitale otsekedwa. Neba wanga anali mayi wa ku Jamaica, wamtali, wa mawu omveka mpaka tsidya la msewu, ndipo mdzukulu wake ankaphunzira pasukulu yomweyo. Sindinamuuze kuti ndikuufuna mpando, ayi, zimenezo n'zosatheka. Ndinangomukumbutsa kangapo, tikuyanika zovala, kuti kwathu ndinali mphunzitsi. Mayiyo anamva.

Pamsonkhano wa makolo tinakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'chibwano. Ahedi atafunsa ngati alipo woti aimire makolo, neba wanga anaimirira n'kundiloza. Anati mayi uyu ndi mphunzitsi, ndipo mwana wake ali m'kachipinda komweko. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaimirira, ndinaphatikiza manja, maso pansi, n'kunena m'Chingerezi changa chabwino cha ku koleji kuti zikomo kwambiri, koma ine ndine wamng'ono, sindingathe, muno muli anthu odziwa kuposa ine. Ndinakhala pansi mtima uli mbee, ndikudikira.

Ndinkadikira zimene ndinaona ndili mtsikana, tsiku limene anthu ankasankha bambo anga kuti atsogolere komiti ya sukulu ya kwathu. Bambo anakana. Anthu anakuwa kuti, “Ndinu nomwe!” Anakananso, akupukusa mutu, kwinaku atavala jekete lomwe analisita okha mmawa wa tsikulo. Amayi ena anaimirira n'kuwakalipira kuti asiye kutitayitsa nthawi, ena n'kuyamba nthungululu, mpaka bambo anati poti mwatero, ndiyesa. Kwathu wovomera msanga timamuona ngati wadyera, wokonda mipando. Umakana kuti anthu apeze mpata wokuuza kuti akukufuna.

Ahedi anandimwetulira mokoma mtima. “That's quite all right. Thank you for being honest,” anatero, n'kutembenukira kwina. Anafunsa ngati pali wina.

Bambo wina wa taye, wogulitsa inshuwalansi, anakweza dzanja lake. Yekha! Popanda womutchula, popanda ndi manyazi omwe. Anati sukulu ikufunika munthu wodziwa kuchepetsa zowonongeka, ndipo munthuyo ndi iye. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione amene akuseka, koma anthu ankangogwedeza mitu.

Ahedi anati mayina alandirabe mpaka Lachisanu, ndiye ine ndinati basi, abwera kunyumba. Mwina kuno sakakamizana pagulu. Ndinakolopa pabalaza, ndinayala nsalu zoluka pamipando, n'kukagula mabisiketi a m'chitini kumasitolo a ku Cape Hill. Ndikaweruka ndinkakhala pafupi ndi zenera, khutu lili kukhomo.

“Mayi, mabisiketi awa ndi a ndani?” anafunsa bambo a mwana.

“A alendo.”

“Alendo ake ati? Kuno munthu akati no, ndi no. Palibe delegation ibwere pano kudzakunyengererani.”

“Inuyo mwakhala mzungu liti?”

Anangoseka, natsegula chitinicho n'kuyamba kudya. Ndinawakwiyira tsiku lonse, makamaka poti ndinadziwa kuti akunena zoona.

Lachinayi ndinakumana ndi neba uja potaya zinyalala. Anandigwira paphewa n'kupepesa. Anati anandichititsa manyazi pagulu, akanayamba wandifunsa kaye. Kupepesa! Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinaona kuti palibenso wina adzanene m'malo mwanga, ndipo ndinanena ndi pakamwa panga, pakati pa mabini onunkha, kuti mpandowo ndikuufuna. Mawuwo analemera ngati thumba la chimanga lonyowa. Mayiyo anandiyang'ana, kenako anaphulika kuseka, akufunsa kuti nanga bwanji sindinangonena. Dzina langa linalowa Lachisanu mmawa.

Masabata otsatira ndinkaima pageti la sukulu ndisanakwere basi, ndikupereka moni kwa makolo ndi kuwauza za kachipinda kaja. Ankandimvetsera mwaulemu. Mayi wina wa ku Pakistan, amene mwana wake ankakhala tebulo limodzi ndi wanga, ndiye anandiuza zoona. Anati amandikonda, ndipo kachipindako akukafuna kuposa ine, koma ndinanena ndekha pamaso pa anthu onse kuti sindingathe. Nanga iye atsutse bwanji mwini wake? Ndinayesa kufotokoza, koma m'Chingerezi zinkamveka ngati ndikuvomera kuti ndinanama. Mayiyo anandisisita padzanja n'kumapita.

Pachisankho ndinagonja. Bambo wa taye uja analowa m'komiti, ndipo pasanathe nthawi tinauzidwa kuti kachipindako katsekedwa chaka chikatha, muzisungidwa mipando.

Masiku amenewo ndinalakalaka kwathu kuposa nthawi ina iliyonse imene ndinakhala ku England. Sizinali za dzuwa kapena chakudya. Ndinasowa anthu osandikhulupirira ndikamati sindikufuna. Ndinasowa azakhali anga, amene ukati wakhuta amakuonjezera ndiwo osakuyang'ana n'komwe. Ndinasowa aphunzitsi anzanga amene ankadziwa kuti ndikati ndilibe mawu, ndiye kuti ayenera kukhala pansi chifukwa nkhani ndi yaitali. Ku Smethwick aliyense ankandilemekeza potenga mawu anga mmene ndawanenera, ndipo ulemu umenewo unkandizizira. Ndinkakhala m'basi ya ku Dudley anthu ali thothotho, ine ndikuganiza kuti muno mulibe ndi mmodzi yemwe amene angandikakamize kanthu.

Tsiku lotsekera sukulu, mphunzitsi wa imvi uja anaitana makolo kuti tidzatsanzikane. Makoma anali atayera kale, zithunzi zonse atamatula. Mabuku a m'kachipindako ankawagawira ana, otsala n'kumawaponya m'katoni. Anatola buku lina lakutha m'makona, la nkhani ya sitima yapamtunda, limene mwana wanga ankalitchula tsiku ndi tsiku kunyumba. Ndi buku loyamba limene analiwerenga mokweza pamaso pa anzake. Mphunzitsiyo anawerama n'kumufunsa ngati angakonde kulitenga.

Mwana wanga anaika manja kumbuyo, nayang'ana pansi. “No, thank you, Miss,” anatero.

Ndine ndinamuphunzitsa zimenezo, kuti cha eni sathamangira. Koma ndinamuona akusuzumira bukulo. Mphunzitsiyo anati chabwino mwanawe, ndipo dzanja lake linayamba kulowera kukatoni.

“Mufunseninso,” ndinatero. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinafunira, moti makolo ena anatembenuka. “Chonde, mufunseninso kachiwiri.”

Mayiyo anadabwa, koma anaweramanso. Anamuuza kuti bukuli palibe wina akuliyenera, ndipo iye akhumudwa akalisiya. Mwana wanga anandiyang'ana kaye, kenako analandira ndi manja awiri, akupinda mawondo pang'ono, n'kulikumbatira pachifuwa.

Mphunzitsiyo anaweramuka pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Nayenso analipo mu holo tsiku la msonkhano lija, atakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, akudikira kuona amene adzalankhulire kachipinda kake. Nkhope yake inasintha, ndipo anagwira pakamwa.

Anafunsa motsitsa mawu ngati nanenso tsiku lija ndinkadikira zomwezi.

Ndinangogwedeza mutu kuvomera. Anayang'ana makoma oyera aja, nayang'ana katoni, n'kunena kuti akanadziwa akanaimirira iye mwini, akanandifunsa mpaka nditavomera. Ndinagwira mwana wanga padzanja, tinatuluka, iye akutsegula kale bukulo tikuyenda.